Kabaza mpaka pa tala, minibasi kuchokera apo: mafunso ndi mayankho pa ulendo wa munthu waulumali

Mwezi ndi mwezi ndimaperekeza azakhali anga kuchipatala ku Blantyre, kuchokera kumudzi kwathu kuseri kwa Ngabu. Chiwagwireni sitiroko amayendera njinga ya olumala. Poyamba tinkachita hayala galimoto kuchokera pakhomo mpaka pachipata cha chipatala, ndipo pomwe miyezi itatu imatha n'kuti mbuzi ziwiri zitatuluka m'khola. Lero timayenda mwa njira ina. Anzanga a ku banki m'khonde ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa za njirayi, ndiye mafunso awo ndawasonkhanitsa pano.

Kodi njira yake ndi yotani?

Ulendo timaudula pawiri. Kuchoka pakhomo kukafika pa tala timalipira chokwera chathuchathu, kaya kabaza wa njinga yamoto, kaya ngolo, kaya kagalimoto kakang'ono. Tikafika pa msewu waukulu wa M1 timakwera minibasi ngati wina aliyense, ndipo ku Blantyre timangotenga takisi ya kamtunda kotsalako. Chigwa chathu cha Shire chimalola zimenezi chifukwa msewu waukulu ndi umodzi: kuchokera ku Marka, kudzera pa Nsanje, Tengani, Bangula, Ngabu, Nchalo ndi Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako Thabwa n'kuyamba chitunda. Pamsewu umenewu maminibasi sasowa. Chosowa ndi chofikitsa munthu wosayenda pamsewupo.

Ndalama zimapulumuka pati?

Mukachita hayala mumalipira mafuta opita ndi obwerera, maola onse amene dalaivala wakhala akukudikirani muli pamzere, komanso mipando imene palibe wakhalapo. Kuchokera ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180. M'minibasi mafuta a mtunda womwewo mumagawana ndi anthu khumi ndi angapo. Hayala imatsala ya makilomita ochepa a msewu wafumbi basi.

Nzeru imeneyi ndi ya kunja kapena ya konkuno?

Agogo athu akhala akupita pasiteji pa ngolo kuyambira kale. Koma kumene anailemba m'malamulo ndi ku America. Pa 26 July 1990 Pulezidenti George H. W. Bush anasainira lamulo la ufulu wa anthu aulumali lotchedwa Americans with Disabilities Act. Mwa lamuloli, mzinda umene uli ndi mabasi a anthu onse uyenera kukhalanso ndi galimoto zonyamula amene sangathe kukwera mabasiwo chifukwa cha ulumali. Galimotozi amazitcha paratransit. Zimafika paliponse pamene patalikirana ndi njira ya basi mosapitirira makilomita 1.2, munthu amaitanitsa lero kuti anyamulidwe mawa, mtengo wake sungapitirire kuwirikiza kawiri mtengo wa basi, ndipo womusamalira amakwera ulere.

Vuto linabwera ndi mtengo woyendetsera. Ofesi yowunika ndalama za boma la America inapeza kuti mu 2010 ulendo umodzi wa paratransit unkadya madola 29.30, pomwe wa basi wamba unkadya madola 8.15. Komabe malamulo awo amalola kuti galimoto ya paratransit imutenge munthu pakhomo n'kukamusiya pasiteji ya basi kapena ya sitima, ngati angathe kupitiriza yekha. Mizinda ina imawonjezera kuphunzitsa munthu kayendedwe ka basi, ina imamukweza basiyo ulere kuti aizolowere. Kumeneko wofuna kupulumutsa ndalama ndi boma la mzinda. Kuno ndi banja, chifukwa ndilo limagulitsa mbuzi.

Nanga malamulo a kuno akuti chiyani?

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Ndime 9 ya panganoli imatchula mayendedwe mwachindunji, m'tauni ndi kumudzi komwe, ndipo ndime 20 imati munthu azitha kuyenda nthawi imene wafuna pa mtengo umene angakwanitse. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano limene linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Si anthu ochepa. Wokanizidwa kukwera chifukwa cha ulumali akhoza kukadandaula ku ofesi yosamalira anthu paboma, ku FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali) kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Kodi aliyense waulumali angayende chonchi?

Ayi, ndipo apa ndimalimbikira. Amene sangathe kukhala tsonga kwa maola awiri, wa zilonda za pogona, wongotuluka kumene ku opaleshoni, kapena wa khunyu limene silinagonje ku mankhwala, ameneyo asakwezedwe kabaza chifukwa chofuna kusunga ndalama. Ngakhale ku America amaunika munthu payekha, ndipo ena amaloledwa kutengedwa ulendo wonse pa masiku okhawo amene nyengo yaipa. Ifenso tizitero. Azakhali amene amayenda bwinobwino mu June sangapirire dzuwa la October pa Ngabu, pamene kumatentha kupitirira madigiri 40. Mwini ulendo afunsidwe, ndipo akakana, kwatha. Odziwa za matenda ake, kaya ndi dokotala kaya mlangizi wa zaumoyo, anenepo maganizo awo musanayambe.

Chovuta kwambiri ndi chiyani?

Pasiteji. Njira yonseyi imathyokera pomwe munthu akutsika chokwera china kudikira chinzake.

Tsiku loyamba wakabaza anatitsitsa m'mbali mwa tala, nalandira ndalama zake, n'kubwerera. Panalibe mthunzi. Minibasi yoyamba inachepetsa liwiro, kondakitala atatulutsa kale mutu pawindo akuitanira, koma atangoona njinga ija anamenya chitseko galimoto n'kupitirira. Yachiwiri chimodzimodzi. Azakhali anangofunda chitenje kumutu, manja ali pa matayala amene anali atayamba kutentha. Madzi a m'botolo anali atafunda ngati tiyi. Pamene yachitatu imadutsa anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, tiye tibwerere, ndikukuvutitsa." Mawu amenewo sindinawaiwale.

Kuyambira pamenepo tinakhazikitsa zinthu zingapo. Wakabaza sachoka mpaka munthu atakwera, ndipo ndalama yake amalandira pamenepo. Tili ndi manambala a madalaivala atatu a minibasi amene tinakambirana nawo maso ndi maso, ndipo madzulo a tsiku loti mawa ulendo timaimbira mmodzi kuti atisungire mpando wakutsogolo kapena wa pafupi ndi chitseko. Timadikirira pakhonde la golosale ya mayi wina amene anatilola, pomwe pali benchi ndi chimbudzi kuseri. Timanyamuka tambala woyamba atangolira. Dalaivala wodziwa kuti mwezi uliwonse ali ndi makasitomala awiri otsimikizika sadutsanso, ndipo kondakitala yemweyo lero amatsika yekha kudzanyamula azakhali, akuti, "Agogo, gwirani phewa langali."

Kodi njinga ya olumala ilipiridwe ngati katundu?

Kwa ine, ayi. Njinga ija ndi miyendo ya munthu, si thumba la chimanga. Komabe ndimamvetsa kondakitala amene madzulo akuyenera kukapereka ndalama kwa mwini galimoto. Yopindika imalowa kumbuyo osadya mpando, ndipo pa imeneyo sitilipira. Ya matayala atatu yopalasa ndi manja ndiyo imavuta. Mugwirizane mtengo pafoni musanachoke pakhomo, osati pamsewu anthu akuyang'ana.

Gulu lingathandize bwanji?

Lembani mayina a onse ofuna maulendo otere m'midzi yoyandikana pamodzi ndi masiku awo a kuchipatala. Nthawi zambiri mudzapeza kuti awiri kapena atatu akhoza kupempha tsiku limodzi, ndiye ngolo imodzi kapena kagalimoto kamodzi kamawatolera onse. Thumba la zadzidzidzi la banki m'khonde likhoza kulipira chigawo cha pakhomo, banja n'kulipira minibasi. Nkhani ya mthunzi ndi benchi pasiteji ipite ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kuti ikafike kukhonsolo. Ndipo funsani achipatala ngati mankhwala kapena mafizo sangapezeke pafupi, monga pa Ngabu, pa Montfort ku Nchalo kapena pa Kalemba ku Bangula, kuti ku Blantyre muzipitako pokhapokha pakafunika dokotala wamkulu.

Nanga nthawi ya dzinja?

Mvula ikagwa dothi la makande silidutsika pa njinga, ndipo ngolo ndiyo imatsala. Namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anadula ngakhale M1 yeniyeniyo. A ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, monga ku Makhanga, ali ndi chigawo chinanso cha bwato kuti afike ku Bangula. Madzi akadzadza musaumirire. Mvula isanayambe pemphani achipatala mankhwala a miyezi ingapo ngati matendawo akulola, ndipo tsiku lofunika kwambiri munthu akagone kwa abale a pafupi ndi tala.

Pobwerera zimakhala bwanji?

Ambiri amakonza zopita n'kuiwala zobwerera. Minibasi siinyamuka isanadzadze, ndiye ola lofikira simungalidziwe. Ife timayesetsa kukhala titakwera pofika 2 koloko masana, ndipo wakabaza timamuimbira tikamadutsa pa Nchalo kuti tikamupeze atafika kale. Mufoni mukhale moto ndi mayunitsi, ndipo ndalama ya hayala ya chigawo chomaliza muisunge padera pa Mpamba kapena Airtel Money, kuchitira kuti mdima ungakupezeni pasiteji.