Abambo ovala yunifolomu koma osagwira mfuti

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anyamata okonzekera unsembe, funso lomwe akhristu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi abambo Lamulungu likadutsa mumatani sabata yonseyo? Ena amafunsa mwaulemu, ena amaseka chamumtima poganiza kuti Misa ikatha timangokhala pakhonde kudikira Lamulungu linalo. Ndiye tsiku lina mnyamata wina wa ku seminale anandiuza kuti iye akadzadzozedwa akufuna kukakhala wansembe wa asilikali, anzake nkumuseka kuti akuthawa parishi. Mafunso awiriwa ine ndimawaona ngati amodzi.

Tsiku la wansembe limayamba ndi buku la mapemphero lomwe timalitcha breviyale. Pa tsiku lomwe munthu akudzozedwa udikoni amalonjeza kuti azipemphera mapemphero amenewa tsiku lililonse, kasanu: kuwerenga, m'mawa, masana, madzulo ndi pogona, ndipo masalimo anawayala kuti azizungulira pa masabata anayi. Palibe amene amakulondera, ukhoza kujomba mwezi wathunthu mkhristu osadziwa, koma iweyo umayamba kuuma mkati ndipo ulaliki wako umayamba kumveka ngati wailesi yotha mabatire. Kenako Misa. Lamulo la Mpingo limati wansembe achite Misa kamodzi patsiku, ansembe akachepa episkopi atha kuloleza kawiri, Lamulungu katatu. Zotsalazo ndi zomwe anthu saziona: kulemba m'mabuku a ubatizo ndi ukwati, mitingi ya bajeti yomwe siitha msanga, denga la tchalitchi lodontha, banja lomwe labwera litakwiyirana ndipo aliyense akufuna abambo akhale mbali yake, maliro, ndi foni yolira 2 koloko usiku kuti kuchipatala wina akufuna kudzozedwa mafuta a odwala. Foni imeneyo sungaiyike pa silent ayi.

Nanga zosangalatsa? Apa anthu ambiri amadabwa, ngati kuti wansembe akagwira mpira kapena gitala ndiye kuti wachimwa. Lamulo lomwelo limapatsa bambo mfumu holide yofika mwezi umodzi pachaka, osawerengera masiku a m'bindikiro. Gregor Mendel, yemwe ana amamuphunzira m'kalasi ya sayansi, anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, ndipo nsawawa zomwe ankadzala m'dimba la ku Brno nzomwe zinatsegula maphunziro a momwe mwana amatengera kwa makolo, anasindikiza zimenezi mu 1866. Georges Lemaître wa ku Belgium anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ngati msilikali, anadzozedwa unsembe mu 1923, mu 1927 nkulemba kuti thambo lonseli likufutukuka. Karol Wojtyła, amene anadzakhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri, uthenga woti wasankhidwa kukhala episkopi mu 1958 unamupeza ali paulendo wopalasa timabwato ndi achinyamata. Ineyo mnyamata wa ku seminale amene alibe chilichonse chomwe amakonda kupatula mabuku a tiyoloje amandidetsa nkhawa kuposa uja wobwera thukuta lili kamukamu kuchokera kubwalo la mpira, chifukwa munthu wosakwatira, wokhala yekha m'nyumba yaikulu, akapanda chochita ndi manja ake madzulo botolo silichedwa kumupeza. Izi tisabisane.

Tsono za usilikali. Wansembe wa asilikali pa Chingerezi amatchedwa chaplain, ndipo dzina limeneli lili ndi mbiri yake yokoma. Martin wa ku Tours anali msilikali wa Aroma, ndipo nkhani imati pa chipata cha mzinda wa Amiens anadula chovala chake pakati ndi lupanga nkugawira wopemphapempha yemwe ankanjenjemera ndi chisanu. Anadzakhala episkopi, anamwalira mu 397. Patapita zaka mafumu a Afulanki, mtundu womwe unkalamulira dera lomwe lero ndi France, ankanyamula chovalacho popita kunkhondo, m'Chilatini chinkatchedwa cappa, ansembe ochisunga nkumatchedwa cappellani. Dzina lija linachokera pamenepo, pa chovala chong'ambika.

Munthu sangochoka ku seminale nkukagogoda pa geti ya asilikali. Choyamba akhale wansembe basi, monga wina aliyense: zaka zosachepera 6 za maphunziro, ziwiri za filosofi ndi zinayi za tiyoloje, udikoni, kenako unsembe atakwanitsa zaka 25. Akatero ndi wa dayosizi yake, analonjeza kumvera episkopi wake, ndipo kanoni 289, ndime ya m'buku la malamulo a Mpingo, imanena mosapita m'mbali kuti wansembe asadzipereke ku usilikali popanda chilolezo cha mkulu wake. Apa mpamene ambiri amakakamira, chifukwa episkopi amene ali ndi maparishi opanda ansembe ukamuuza kuti mundimasule zaka zingapo ndikatumikire asilikali, amayamba wapuma kaye mozama, ndipo sindimudzudzula. Kawirikawiri amafuna kuti uyambe wagwira ntchito m'parishi zaka zingapo, ku America amati zitatu. Chifukwa chake nchomveka, msilikali wa zaka 19 yemwe mnzake wafa dzulo safuna munthu wongodziwa mayankho a mayeso, amafuna munthu yemwe anaikapo kale maliro a mwana nkudziwa nthawi yokhala chete.

Episkopi akavomera pamabwera mbali ya boma: kuyezedwa m'thupi, kufufuzidwa mbiri, malire a zaka, kuthamanga ndi ma push-up monga wina aliyense, ndi kosi ya maofesala komwe amaphunzira kuguba, kuchita sawatcha, kuwerenga mapu ndi kumanga bala. Ku Britain ansembe a asilikali apamtunda amadutsa pa kosi yaifupi ku sukulu ya maofesala ya Sandhurst ndipo asilikali amangowaitana kuti Padre. Apa uja ankaseweretsa mpira ndi kukwera njinga amaseka, pomwe mnzake wongokhala pampando amaona zakuda.

Kumbali ya Mpingo, pa 21 April 1986 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatulutsa chikalata chotchedwa Spirituali militum curae chomwe chinakonza kuti asilikali akhoza kukhala ndi episkopi wawowawo, ngati dayosizi, koma yopanda malire a malo. Imatsata anthu, msilikali ndi banja lake kulikonse komwe atumizidwa. Maiko ena alibe dongosolo limeneli, kumeneko maepiskopi amangogwirizana ndi boma nkutumiza ansembe. Choncho wansembe uja amapezeka ali ndi mabwana awiri, komanda amene amamuuza kokagona ndi nthawi yonyamuka, ndi episkopi amene amayang'anira za guwa. Komanda sangamuuze zoti alalikire, ndipo sangamufunse zomwe msilikali wanena mu kulapa, chinsinsi chimenecho kanoni 983 imati sichiswedwa pa chifukwa china chilichonse. Nchifukwa chake asilikali ngakhale osapemphera amathamangira kwa iye, ndi munthu yekhayo pa kampu yemwe ungamuuze kuti ndikuopa, kapena kuti kunyumba zinthu zasokonekera, nkhaniyo osakalowa mu fayilo yako. Asilikali apamadzi a ku Britain anafika poti wansembe wawo asakhale ndi renki nkomwe, amati amatenga renki ya amene akulankhula naye.

Mfuti sagwira. Mapangano a ku Geneva a 1949 amamuika gulu limodzi ndi madokotala, sayenera kuwomberedwa, ndipo akagwidwa satengedwa ngati mkaidi wa nkhondo koma atha kusungidwa kuti azitumikira akaidiwo. Papepala zili bwino, koma bomba siliwerenga mapangano. Ku America amamupatsa msilikali womuthandiza yemwe amanyamula mfuti mmalo mwake. Ndipo si wa Akatolika okha, Msilamu akafuna malo opempherera kapena wa mpingo wina akafuna m'busa wake, ndi ntchito ya abambo omwewo kuthamangathamanga kuti zitheke. Sitima yonyamula asilikali a ku America yotchedwa Dorchester itaphulitsidwa pa 3 February 1943, atsogoleri anayi achipembedzo, wansembe wa Katolika, abusa awiri ndi rabi wa Chiyuda, anavula majekete awo oyandamitsa nkupatsa asilikali, iwo nkumira limodzi ndi sitimayo.

Koma amene ndimakonda kuuza anyamata anga ndi Emil Kapaun, wansembe wa asilikali a ku America, mwana wa mlimi wa ku Kansas. Pa nkhondo ya ku Korea ankachita Misa pa boneti ya jipi, jipi itawonongeka nkumayenda pa njinga kufunafuna anyamata ake. Anagwidwa mu November 1950 ku Unsan chifukwa anakana kusiya ovulala. Mu kampu ya akaidi anthu ankafa ndi njala, chisanu ndi kutsegula m'mimba, ndiye taonani zomwe anachita, ankatola zidutswa za malata nkuzikhoma mpaka kukhala timapoto towiritsira madzi akumwa, ankachapa zovala za odwala, kuwachotsa nsabwe, usiku nkumazemba kukaba chakudya cha anzake. Inde, wansembe kuba, ndipo palibe amene anapulumuka kumeneko yemwe anamuimbapo mlandu. Kukhoma malata kumeneko sanakuphunzire m'kalasi ya tiyoloje, anakutenga kumunda kwa bambo ake. Anamwalira mu kampumo pa 23 May 1951, mendulo yapamwamba kwambiri ya dziko lake inaperekedwa mu 2013, mafupa ake anadzazindikirika mu 2021.

Ambiri sadzafika pa zoterezo, ndipo tiyamike. Masiku ambiri a wansembe wa asilikali ndi kudzuka mbandakucha kukathamanga ndi anyamata, breviyale ija ili m'thumba la yunifolomu, kukhala pansi pa mtengo kumvetsera wina akudandaula za ngongole, kukonzekeretsa ukwati wa msilikali yemwe akunyamuka mwezi wamawa, ndi ntchito yomwe aliyense amaiopa, kuperekeza ofesala kukagogoda pakhomo la mayi yemwe sakudziwa kuti mwamuna wake sabweranso. Akabwera kokagogodako amafunika kachinthu kena koti manja agwire, kaya ndi gitala, kaya kadimba kuseri kwa tchalitchi, kaya kukonza njinga yakale yomwe siidzayendanso.

Zaka zomwe anagwirizana zikatha amavula yunifolomu nkubwerera ku dayosizi yake, poti dzina lake silinachokemo m'buku la kumeneko. Episkopi amamulandira, amamupatsa makiyi a parishi ina ndi buku la ndalama, nkumuuza kuti denga la kumeneko likudontha.