Ma tulip asiyireni a ku Netherlands, kuno ku Mzuzu dzalani awa

Chaka chilichonse ikamafika Epulo anthu amandifunsa funso lomwelomwelo, akuti taona zithunzi za ma tulip pa Facebook, minda yonse mbee kufiira ndi chikasu ku Netherlands uko, ndiye poti Mzuzu kumazizira sitingadzaleko pakhomo? Ine monga wa ntchito ya maluwa ndimawayankha kuti kudzala mutha kudzala, koma ndalama zanu zilowa m'madzi.

Nkhani yake ili chonchi. Tulip amamera kuchokera ku kaanyezi, ndipo duwa limakhala litapangika kale mkati mwa kaanyeziko likungodikira nthawi. Chomwe chimalidzutsa ndi kuzizira kwa nthawi yaitali, masabata 12 mpaka 16 dothi lili pansi pa madigiri 9 usana ndi usiku omwe. Kuno mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira zoona mpaka kutsika pansi pa 10, tonse timagona ndi majuzi, koma dzuwa likangoti ng'aa masana kumabwerera cha m'ma 20 dothi nkufunda. Ndiye kaanyezi kaja kamangotulutsa masamba basi, kapena kaduwa kopinimbira kothera pansi pomwepo. Ena amati tiziika kaye mufiliji. Zimatheka inde, bola musaike limodzi ndi nthochi kapena maapozi chifukwa mpweya wotuluka mu zipatso zakupsa umapha duwa mkatimo, komanso filijiyo iyake miyezi itatu yonse osazima magetsi, apo aliyense adziyankhe yekha. Ndipo chaka chamawa mukagulanso zina.

Ambiri oyenera kuno ndi omwe amagona nthawi yozizira nkudzuka kukayamba kutentha kapena ikagwa mvula yoyamba. Amene ndimamuika patsogolo ndi amaryllis, uja wa maluwa akuluakulu ofiira ooneka ngati lipenga, nthawi zambiri anayi pa phesi limodzi. Kwawo ndi ku South America koma kuno anazolowera kalekale, ngakhale mu chidebe chakale choboola pansi amachita bwino. Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi podzala, amamukwirira yense. Ayi, khosi la anyeziyo lizioneka pamwamba pa dothi. Chachiwiri ndi chifundo chonyanya, kuthirira tsiku ndi tsiku chaka chonse. Mu Juni ndi Julaye musiyeni aume, agone, ngati ali mu poto mulowetseni pakhonde asamanyowe ndi mvula yamawawa yathu ija, mukayambiranso kuthirira kumapeto kwa Ogasiti muona phesi likutuluka, Sepitembala kapena Okutobala maluwa ali poyera.

Kwa amene akufuna fungo, freesia. Uyu ndi wa ku South Africa, mbali ya Cape komwe mvula imagwa nthawi yozizira, ndiye kuzizira kwathu kwapakatikati kumamukwanira. Dzalani mu Epulo kapena Meyi, masentimita 5 kuya kwake, nsonga kumwamba, muzithirira nyengo yonse yozizira, Ogasiti kapena Sepitembala pakhomo ponse pazinunkhira. Vuto lake ndi limodzi, kwawo amagona dothi lili gwa louma pomwe ife nthawi imeneyo ndi dzinja, ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa kuti simasewera, ndiye masamba akauma mu Novembala kumbani anyezi ake muwasunge mu kathumba ka pepala pamalo pouma. Mukawasiya pansi pofika Malichi aola onse.

Koma chimene chimandidabwitsa nchoti timasirira za kunja pomwe tchire lathu lomwe lili ndi maluwa amene azungu amagula modula. Fireball lily, Scadoxus multiflorus, uja amatulutsa mpira wofiira mvula ikamayandikira masamba asanakule nkomwe, amakonda pamthunzi, pansi pa mtengo wa mapeyala pomwe maluwa ena amakana. Gladiolus dalenii amamera yekha m'malo ambiri kuno kumpoto, ndipo ndi mmodzi mwa makolo a ma gladiolus ogulitsa m'masitolo aja. Ma gladiolus awa mudzale masentimita 10 mpaka 15 kuya kwake kuti mphepo isawagwetse, pakatha miyezi itatu achita maluwa, mukamadzala pang'onopang'ono masabata awiri alionse simusowa odula kuika mutchalitchi. Palinso flame lily, duwa la dziko la Zimbabwe, amayanga pampanda mokongola kwabasi koma chonde amayi ndi abambo, muzu wake ndi poizoni woopsa ndipo umafanana ndi kambatata, musausunge kukhitchini kapena pomwe ana angaufikire. Fireball nayenso si wotafuna. Ndipo musapite kukakumba ku Nyika, ndi paki ija, nkosaloledwa, pemphani kwa aneba omwe ali nawo kale poti amaswana okha.

Amene muli malo a chinyezi cha kumadambo kufupi ndi Lunyangwa musalimbane ndi freesia, dzalani arum lily woyera uja, amakonda madzi. Agapanthus wa buluu ndi wa m'malo otsetsereka ngati ku Masasa, mizu yake imagwira dothi.

Dothi lathu la katondo limasunga madzi, ndiye kwezani bedi, sakanizani mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana, aawisi amawoletsa anyezi. Pogula mufinye pang'ono, akhale wolimba ndi wolemera, wofewa kapena wa nkhungu musiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Maluwa akafota dulani phesi lokha, masamba asiyeni mpaka achite chikasu okha chifukwa ndi amene akudzaza chakudya cha duwa la chaka chamawa, anyamata otchetcha muwauze bwinobwino zimenezi asanagwire chikwakwa.

Adani ndi awiri. Mfuko amadya gladiolus ndi freesia kuchokera pansi, apo dzalani mu basiketi ya waya yokwirira m'dothi. Winayo ndi mbozi yakuda ya madontho achikasu imene imaboola masamba a amaryllis ndi agapanthus nkumatsika mpaka mu anyezi, mukaona tsamba layamba kuwonekera mkati ngati pepala lidulireni m'munsi muliwotche tsiku lomwelo.