Tremblay: zimene dzina ndi DNA zimanena za banja limodzi la Chifalansa

M'chigawo cha Quebec ku Canada, pa anthu 100 alionse mumapezeka Tremblay mmodzi. Alipo oposa 80,000, ndipo palibe dzina lina la banja lofala kuposa limeneli kumeneko. Ku France, kumene dzinali linachokera, a Tremblay ndi ochepa ndithu. Pafupifupi onse a ku Canada, pamodzi ndi abale awo amene anatsikira ku United States n'kuyamba kulembedwa kuti Trombley, mzere wawo umakathera kwa mwamuna mmodzi, Pierre Tremblay, amene anawoloka nyanja ya Atlantic mu 1647.

Ife ofufuza mibadwo ya mabanja timafunsidwa kawirikawiri kuti, "Kodi dzina langali likusonyeza kuti magazi anga ndi a kuti?" Banja la Tremblay ndi labwino kuyankhira funsoli chifukwa zonse zimene wofufuza amalakalaka zilipo: kholo limodzi lodziwika, mapepala osaduka kwa zaka zoposa 350, ndiponso zidzukulu zambirimbiri zoti n'kuyezedwa. Malire amene DNA imafika pa banja lotere ndi omwewo amene ingafike pa dzina lina lililonse la Chifalansa.

Mpaka cha m'ma 1000, munthu wamba ku France ankangokhala ndi dzina limodzi la ubatizo. Midzi itakula, a Jean ndi a Pierre atachuluka, anthu anayamba kuwonjezerapo chowasiyanitsa: dzina la bambo, ntchito, maonekedwe kapena malo amene munthu akukhala. Wosula zitsulo anakhala Lefebvre kumpoto, Fabre kapena Faure kumwera, Le Goff ku Bretagne. Wamfupi anakhala Petit. Tremblay ndi dzina la malo: nkhalango ya mitengo yotchedwa tremble, imene masamba ake amanjenjemera ngakhale kamphepo kachepe bwanji. Malo a dzinali alipo angapo, ena mwa iwo ndi Tremblay-en-France, pafupi ndi bwalo la ndege la Charles de Gaulle. Pofika m'ma 1200 ndi 1300, maina otere anali atayamba kupatsirana kuchoka kwa bambo kupita kwa ana. Boma linabwera pambuyo. Mu 1539 mfumu François I inalamula ku Villers-Cotterêts kuti ansembe azilemba ubatizo uliwonse m'kaundula, mu 1579 lamulo lina linawonjezerapo maukwati ndi maliro, ndipo mu 1794 kunabwera lamulo loletsa nzika kugwiritsa ntchito dzina lina losiyana ndi lolembedwa pa kubadwa kwake. Izi zisanakhazikike, wansembe ankalemba mmene wamvera, n'chifukwa chake munthu mmodzi yemweyo mungamupeze ali Tremblay apa, Tremblé apo.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya. Dzina lofala kwambiri ku France ndi Martin, ndipo alipo oposa 200,000. Linafala chifukwa cha Martin woyera, bishopu wa ku Tours amene anamwalira mu 397. Makolo m'midzi yambirimbiri ankabatiza ana awo dzina lake, ndipo ana a Martin aliyense anakhala a Martin popanda ubale uliwonse. Zili ngati kwathu kuno: a Banda a ku Kasungu ndi a Banda a ku Chipata angakondwe kupezana mfunda, koma palibe amene angaloze gogo mmodzi wa posachedwa amene anabereka onsewo. Mukayeza a Martin 50 mupeza mizere yambiri yosiyana. A Tremblay a ku France nawonso sangakhale mzere umodzi, popeza nkhalango za tremble zinali zambiri. Chimene chinapangitsa a ku Canada kukhala banja limodzi ndi chakuti mwa onse amene anawoloka, amene dzina lake linamera n'kufalikira anali mmodzi.

Pierre anabadwa cha m'ma 1626 ku Randonnai, kamudzi ka m'dera la Perche, ndipo bambo ake anali Philibert Tremblay, mayi ake Jeanne Coignet. Mu Epulo 1647 analowa mgwirizano wokagwira ntchito zaka zitatu kwa Noël Juchereau, mmodzi mwa anthu a ku Perche komweko amene ankasonkhanitsa anyamata opita ku New France, madera a ku North America, kuphatikizapo Quebec, amene ankalamulidwa ndi France. Zaka zitatu zitatha sanabwerere. Pa 2 Okutobala 1657 anakwatira Ozanne Achon, mtsikana wochokera kufupi ndi La Rochelle, m'tchalitchi cha Notre-Dame mumzinda wa Quebec. Anabereka ana 12, ndipo dzinali linapitirira kudzera mwa anyamata anayi: Pierre, Michel, Jacques ndi Louis. Ambiri mwa ana ndi adzukulu anatsika ndi mtsinje wa Saint-Laurent kukakhala ku Charlevoix, ndipo mu 1710 Pierre wamng'ono anagula malo aakulu a Les Éboulements. Derali linali lakutali, lozingidwa ndi mapiri, mabanja ankabereka ana khumi kapena kuposerapo. Malo atachepa, mu 1838 gulu la Société des Vingt-et-Un, lotsogozedwa ndi Alexis Tremblay, linakwera mtsinje wa Saguenay kukadula mitengo ya paini, ndipo mabanja anatsatira. Lero ku Saguenay–Lac-Saint-Jean ndi kumene dzinali lathithikana kwambiri.

Zonsezi tikuzidziwa kuchokera m'mapepala. DNA imabwera kudzaona ngati mapepalawo akunena zoona.

M'maselo a mwamuna aliyense muli kromozomu ya Y, imene amalandira kwa bambo ake okha ndipo amaipereka kwa ana ake aamuna okha. Mbali yake yaikulu siisakanikirana ndi ya mayi, choncho imayenda m'badwo ndi m'badwo pafupifupi mmene inalili, njira yomweyo imene dzina la bambo limayenda. Mwa apo ndi apo pamachitika kusintha kwakung'ono pokopera, ndipo kusinthako kumakhala chizindikiro chimene zidzukulu zonse zazimuna za munthuyo zimanyamula. Kuyeza kwake n'kosavuta: kathonje kopukutira mkati mwa tsaya, kapena malovu m'kabotolo. Ntchito yeniyeni ili posankha woyezedwa. Mwamuna mmodzi wa dzina la Tremblay sangatiuze chilichonse chokhudza Pierre. Timafuna awiri kapena kuposerapo ochokera mwa ana osiyana, mwachitsanzo wina wa mzere wa Michel, wina wa mzere wa Louis, aliyense ali ndi mapepala a m'badwo uliwonse. Y yawo ikafanana, ndiye kuti ndi ya bambo amene anabereka Michel ndi Louis, ngakhale manda ake osakumbidwa. Umu ndi mmene magulu ofufuza a ku Quebec, pogwiritsa ntchito kampani ya FamilyTreeDNA ya ku Houston, akhala akutsimikizira mizere ya makolo oyambirira a mabanja awo.

Njira imeneyi inaonetsa mphamvu yake pa banja lachifumu la Bourbon. Kunali chipanda chakale chimene ankati muli mpango wonyikidwa m'magazi a mfumu Louis XVI pa tsiku limene anaidula mutu mu 1793, ndiponso mutu wouma umene ankati ndi wa mfumu Henri IV. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Leuven ku Belgium, motsogozedwa ndi Maarten Larmuseau, anayeza amuna atatu amoyo ochokera ku nthambi zosiyana za banjali. Atatuwo anafanana okhaokha, koma sanafanane ndi magazi a m'chipanda kapena mutu uja. Amoyo atatu okhala ndi mapepala abwino anaposa zinthu zakale zimene mbiri yake inali ya pakamwa.

Nthawi zina Y siifanana ndi dzina, ndipo nkhani imeneyi imafuna kuigwira mosamala chifukwa imakhudza anthu amoyo. Kafukufuku wa ku Western Europe amasonyeza kuti pa m'badwo uliwonse, mwana mmodzi kapena awiri pa 100 sanali wa bambo wolembedwa m'kaundula. Chiwerengerochi n'chochepa, koma chimaunjikana: pa mibadwo 12, ngakhale titatenga mmodzi pa 100, mizere pafupifupi 11 pa 100 imakhala itaduka penapake. Ndipo zifukwa si chigololo chokha. Pali ana amasiye oleredwa ndi amalume, ana otengedwa ndi bambo wowapeza, ana otayidwa pakhomo la tchalitchi amene anapatsidwa dzina ndi wansembe. Ukapolo utathetsedwa mu 1848, akuluakulu a boma ku Martinique, Guadeloupe ndi Réunion anapereka maina a banja kwa anthu zikwizikwi omasulidwa. Lero mwamuna wa dzina lomveka Chifalansa kwambiri angakhale ndi Y yochokera ku Africa kapena Madagascar.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene anthu amawerengera chilembo cha haplogroup chimene chimabwera pa zotsatira, chosonyeza gulu lalikulu la amuna amene Y yawo inachokera kwa kholo limodzi lakalekale. Amuna oposa theka a ku France ali m'gulu la R1b. Gululi linafika kumadzulo kwa Europe zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ndi zidzukulu za abusa a ziweto ochokera m'madambo a kumpoto kwa Black Sea. Lilinso lochuluka ku Ireland, Spain, Britain ndi kumpoto kwa Italy. Dzina la banja lili ndi zaka 800 zikachuluka, France weniweniyo ndi wamng'ono poyerekeza ndi R1b. Choncho wina akakuuzani kuti chilembochi chikutsimikizira kuti ndinu wa mtundu wakale monga Mgaul, Mfrank kapena Mviking, akukugulitsani nthano. Nthambi zazing'ono za posachedwa, zimene zinaphuka m'zaka mazana ochepa apitawa, ndi zokhazo zimene zingalumikizane ndi dzina.

Komanso Y ndi ulusi umodzi wokha. Mukabwerera mibadwo 12, malo a makolo anu amakhala 4,096, ndipo wa dzina lanu ali pa malo amodzi. Ozanne Achon anabereka ana onse 12 aja, koma dzina lake silinapite patali; DNA yake ya mitochondria, imene imayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa ana, inapitirira mwa ana ake aakazi, amene zidzukulu zawo zili ndi maina ena. Mwayi wake, ansembe a Chifalansa ankalemba mkazi ndi dzina la kwawo ngakhale atakwatiwa, choncho mizere ya amayi imatheka kuitsata.

Ku Saguenay, malo 4,096 aja sadzazidwa ndi anthu 4,096 osiyana. Afalansa amene anakhazikika ku New France n'kusiya mbumba anali pafupifupi 8,500 okha, ndipo amene anafika ku Charlevoix anali kagulu kochepa mwa iwo. Kaundula wa BALSAC, amene katswiri wa mbiri Gérard Bouchard anayambitsa ku Chicoutimi m'ma 1970 polumikiza zikalata za maukwati, amasonyeza makolo omwewo akubwerezedwa kambirimbiri mumzere wa munthu mmodzi. Pierre ndi Ozanne ali m'magazi a anthu ambiri a kumeneko otchedwa Bouchard, Simard kapena Gagnon, ndipo ena a iwo angawanyamule kuposa munthu wa dzina la Tremblay. Zotsatira zake zimaonekera kuchipatala. Matenda otengera kwa makolo monga tyrosinemia ya mtundu woyamba, imene imawononga chiwindi cha khanda, ndi ARSACS, imene imalumalitsa mayendedwe pang'onopang'ono, ndi ofala kumeneko. Pa nthenda iliyonse, pafupifupi munthu mmodzi pa 20 amainyamula osadwala. Sikuti anthuwa ankakwatirana pachibale chapafupi kuposa ena, ndipo matendawa satsata dzina lililonse. Boma la Quebec limapereka kuyeza kwaulere pa matenda anayi otere kwa amene ali ndi gogo wobadwira ku Saguenay–Lac-Saint-Jean, Charlevoix kapena Côte-Nord, ndipo funso limene amafunsa ndi kumene gogoyo anabadwira.

Chimene chimavuta kwambiri ndi kuwolokera ku France kukapeza abale a Philibert, bambo a Pierre, amene anatsala ku Perche. Makaundula akale a m'midzi yambiri ali ndi mipata, ndipo lamulo la dzikolo limalola kuyeza DNA pa zifukwa za chipatala, za kafukufuku wa sayansi kapena khoti likalamula basi. Woyitanitsa yekha kabotolo koyezera mibadwo angalipitsidwe ma euro 3,750. Ambiri amayitanitsabe kuchokera kunja, koma amuna a ku France oyezedwa Y akadali ochepa poyerekeza ndi a ku Quebec kapena Britain, choncho mabanja ambiri a ku Canada ali ndi chizindikiro cha kholo lawo m'manja koma alibe wa ku France woti amufananitse naye.