Lancaster ya ku Coningsby, ndege yankhondo yomwe sinaponyepo bomba

Kumpanda wa bwalo la ndege zankhondo la Coningsby, m'chigawo cha Lincolnshire ku England, sikusowa anthu nyengo yotentha ikafika. Madala ena amabwera ndi timipando topinda ndi tiyi wa m'fulasiki, ena ndi makamera a mphuno zazitali ndi timakwerero toti aone bwino pamwamba pa waya. Amatha kudikira maola angapo osadandaula. Ine ndinaima nawo tsiku lina, mphepo ikuluma makutu ngakhale dzuwa linali ngwee. Injini yoyamba inatsokomola n'kulavula utsi, pulopela n'kuyamba kuzungulira, kenako yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Zonse zitagwirizana mawu, mkokomo wake unkagunda m'chifuwa momwe imachitira ng'oma yaikulu ukaiyandikira. Chindege chakuda kumimba, chobiriwira ndi chofiirira kumsana, cha michira iwiri, chinathamanga n'kunyamuka pang'onopang'ono ngati chalemedwa. Agogo ena amene anaima pambali panga anavula chipewa. Sanatsegule pakamwa mpaka ndege ija itazimirira m'mitambo.

Ndegeyo ndi Avro Lancaster, nambala yake PA474. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapanga ndege za mtundu umenewu 7,377, koma lero zomwe zimatha kuuluka ndi ziwiri zokha: iyi, ndi inzake yomwe imasungidwa ku Hamilton m'dziko la Canada. Ikaoneka pa chionetsero cha ndege ku Duxford kapena ku Fairford, nthawi zambiri imakhala pakati, Spitfire mbali iyi, Hurricane mbali inayo, ngati mkulu amene akuperekezedwa ndi adzukulu.

Gulu lomwe limasamala ndegezi limatchedwa Battle of Britain Memorial Flight, ndipo ndi nthambi ya Royal Air Force, gulu la asilikali a m'ndege la Britain. Linayamba mu 1957 pa bwalo la Biggin Hill, pamene akuluakulu ena anaona kuti ndege zakale zija zikutha, zina zikuphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo. Linayamba ndi ma Spitfire atatu ndi Hurricane imodzi. Zimenezi zinali zosavuta kuzikonda. Ndi ndege zing'onozing'ono za munthu mmodzi zomwe mu 1940 zinkalimbana ndi ndege za Germany pamwamba pa midzi ya ku England, kuteteza kwawo. Spitfire imodzi ya gululi, P7350, inamenya nawo nkhondo imeneyo ndipo ikuulukabe.

Nkhani ya Lancaster ndi ina. Ntchito yake inali yonyamula mabomba usiku kukaponya m'mizinda ya adani, ndipo pamenepa m'pamene pali mkangano womwe sunathebe mpaka lero.

Tiyambe ndi anyamata omwe ankakweramo. Ankakhala asanu ndi awiri: woyendetsa, woyang'anira mainjini, wolondola njira pa mapu, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi owombera mfuti awiri, wina pamsana wina kumchira. Ambiri anali a zaka 20 kapena kupitirira pang'ono, ndipo anachita kudzipereka okha. Wa kumchira uja ankakhala yekhayekha m'kachipinda kagalasi kwa maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, m'chisanu choumitsa zala, maso ali tcheru mumdima. Ena ankachotsa galasi lakutsogolo kwawo kuti aone bwino, n'kulolera mphepo. Ndege ikagwira moto, kachitseko kothawira kanali kakang'ono moti munthu wovala parachuti ankavutika kutulukirapo. Kuti apume, gulu lililonse linkayenera kukwanitsa maulendo 30, ndipo ambiri sankafikako. Mwa anthu pafupifupi 125,000 omwe anauluka m'nthambi yoponya mabomba ya Bomber Command, 55,573 anafa. Ma Lancaster opitirira 3,000 sanabwerere. Ku Lincolnshire kunali mabwalo ambiri a ndegezi moti chigawochi anthu amachitchabe Bomber County, ndipo omwe ankabwerako mbandakucha akaona nsanja za tchalitchi chachikulu cha Lincoln pamwamba pa phiri ankadziwa kuti afika.

Tsono pansi paja mabomba ankagwera ndani? Mu Febuluwale 1942 boma la Britain linalamula kuti ndege ziziphulitsa mizinda yathunthu, mafakitale pamodzi ndi nyumba za ogwira ntchito, chifukwa usiku kunali kovuta kulasa fakitale imodzi. Mwezi womwewo Arthur Harris anakhala mkulu wa Bomber Command, ndipo lamuloli analigwira ndi manja awiri. Mu Julayi 1943 mzinda wa Hamburg ku Germany unayaka moto wochita kupanga mphepo yakeyake, anthu pafupifupi 40,000 n'kufa, ambiri a iwo atabisala m'zipinda za pansi pa nyumba. Mu Febuluwale 1945, nkhondo ili pafupi kutha, Dresden inaona zomwezo, ndipo akatswiri a mbiri amati anafa anthu ofika 25,000. Oikira kumbuyo Harris amakumbutsa kuti Germany ndi yomwe inayamba kuphulitsa Warsaw, Rotterdam, Coventry ndi London, kuti anthu wamba oposa 40,000 anafa ku Britain ndi mabomba a Germany, komanso kuti kwa zaka zingapo Britain inalibe njira ina yofikira mdani kwawo. Komabe otsutsa analipo ngakhale nkhondo ili mkati. Bishopu George Bell wa ku Chichester anaimirira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords mu Febuluwale 1944 n'kudzudzula poyera kuphulitsa mizinda, zomwe zinamudanitsa ndi anthu ambiri.

Dresden itapsa, nduna yaikulu ya Britain, Winston Churchill, anayamba kudzipatula ku ntchito yomwe boma lake lomwe linalamula. Pothokoza asilikali nkhondo itatha, ntchito ya Bomber Command sanaitchule mokwanira, ndipo anyamata aja sanapatsidwe mendulo yawoyawo. Anabwerera kumudzi atataya pafupifupi theka la anzawo, n'kupeza kuti anthu sakufuna kuimva nkhani yawo. Apa ine ndimaona kuti panalakwika. Amene anakhala pa tebulo n'kusankha mizinda anasamba m'manja, mlandu n'kuusiya pamutu pa ana omwe anatumidwa. Mu 1992, pomwe chifanizo cha Harris chinkavundukulidwa kunja kwa tchalitchi cha St Clement Danes ku London, anthu ena anakuwiza mwambowo, ndipo pambuyo pake chifanizocho chinathiridwa penti yofiira.

Harris ameneyu dera lathu lino ankalidziwa. Anapita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, mu 1910 ali mnyamata, n'kugwira ntchito m'mafamu. Nkhondo yoyamba itabuka analowa 1st Rhodesia Regiment ngati woimba lipenga. Pa nkhondo yachiwiri dziko lomwelo linasanduka sukulu ya oyendetsa ndege: ku Belvedere ndi Cranborne ku Salisbury (lero Harare), ku Kumalo ku Bulawayo, ku Thornhill ku Gwelo (lero Gweru). Mabwalo amenewa anamangidwa ndi manja a anthu akuda, ambiri mokakamizidwa, ndipo olondera anali asilikali akuda a Rhodesian Air Askari Corps. Pa zionetsero za ndege sindinamvepo wolengeza akuwatchula.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri nditayamba kufufuza ndi mbiri ya PA474 yeniyeniyo. Ndege yomwe lero imaimira onse aja sinaponyepo bomba ngakhale limodzi. Inatuluka m'fakitale ya Broughton, pafupi ndi Chester, kumapeto kwa Meyi 1945, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale. Anaikonzera kupita kukamenyana ndi Japan, kumbali komwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anali atavutika kale m'nkhalango za Burma, koma Japan inagonja ndegeyo isananyamuke. Ndiye anaichotsa mfuti, n'kuiika makamera m'mimba, n'kuitumiza ku Africa. Kuyambira 1948 mpaka 1952 inali ndi gulu la 82 Squadron, ikuuluka mizere yowongoka pamwamba pa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kujambula nthaka kuti boma la atsamunda lipange mapu. Ndikaiona ikudutsa, ndimaganiza za mlimi wa nthawi imeneyo ataimika khasu, dzanja pachipumi, akudabwa chindege chomwe chikungopita n'kubwerera pamwamba pa munda wake, osadziwa kuti munda, mtsinje ndi manda a makolo ake zikulowa m'kaundula wa anthu ena.

Itabwerera ku England inatsala pang'ono kutha, chifukwa ankafuna kuisandutsa ndege youluka yopanda munthu. Inapulumuka poitumiza ku sukulu ya zandege ya Cranfield, komwe kwa zaka pafupifupi khumi inkauluka itabereka zidutswa za mapiko atsopano pamsana kuti aziyese. Mu 1964 anaisankha kuti ikasungidwe ngati chakale chongoonera. Koma asilikali a 44 Squadron a ku Waddington anapempha kuti aisamale, n'kuikonza mpaka inayambanso kuuluka mu 1967.

Anali ndi chifukwa chawo. Gulu limeneli, lomwe dzina lake lonse ndi 44 (Rhodesia) Squadron, ndi lomwe linayamba kulandira ma Lancaster kumapeto kwa 1941. Pa 17 Epulo 1942, ndege 12 zinatumizidwa masanasana, zikuuluka chapansipansi, kukaphulitsa fakitale ya mainjini ya MAN ku Augsburg m'dziko la Germany. Zisanu ndi ziwiri sizinabwerere. Mwa zisanu ndi imodzi za 44 Squadron inabwerako imodzi yokha, ya John Nettleton, wobadwira ku Nongoma ku Natal m'dziko la South Africa, amene anapatsidwa mendulo yapamwamba ya Victoria Cross. Iyenso anafa chaka chotsatira pochokera kokaponya mabomba ku Turin m'dziko la Italy. Choncho PA474 atamaliza kuikonza anailemba zilembo za ndege ya Nettleton, KM-B. Chiyambireni pamenepo imasinthidwa zilembo ndi zojambula pakapita zaka zingapo, kuti ivale dzina la gulu lina, ngati momwe mdzukulu amalowera dzina la agogo ake. Inalowa m'gulu la Memorial Flight mu 1973, mzinda wa Lincoln unaitenga ngati yawo, ndipo mu 1976 gulu lonse linasamukira ku Coningsby. Kachipinda ka mfuti ka pamsana, komwe kanachotsedwa kale kuja, anachita kukakapeza ku Argentina.

Chipilala cha Bomber Command chinabwera mochedwa zedi. Mfumukazi Elizabeth II anachitsegulira ku Green Park mu London pa 28 Juni 2012, patatha zaka 67 chitheretu nkhondo, ambiri mwa omwe ankachiyembekezera atamwalira. Ndalama zake zinachokera kwa anthu akufuna kwabwino. Mkati mwake muli zifanizo za anyamata asanu ndi awiri omwe angotsika kumene m'ndege, otopa, ena akuyang'ana kumwamba kudikira anzawo. Pakhoma analembapo kuti chipilalacho chikukumbukiranso anthu a mitundu yonse omwe anafa ndi mabomba pa nkhondoyo, ndipo mawu amenewa kwa ine ndi omwe amachipatsa ulemu. Tsiku limenelo PA474 inadutsa pamwamba, n'kutsegula zitseko za kumimba kwake, m'malo mwa mabomba n'kugwetsa maluwa ofiira a popi, omwe aja timavala pachifuwa mu Novembala pokumbukira asilikali ku Zomba.

Palinso mkangano wina wa masiku ano: kodi ndege za zaka 80 ziziulukabe pamwamba pa anthu? Pa 22 Ogasiti 2015, ndege yakale ya Hawker Hunter inagwera pa msewu wa A27 pa chionetsero cha ku Shoreham n'kupha anthu 11, ndipo malamulo a zionetsero anakhwimitsidwa. Mu Novembala 2022 ndege ziwiri za nthawi ya nkhondo zinawombana pa chionetsero ku Dallas m'dziko la America, anthu asanu ndi mmodzi n'kufa. Ku Coningsby komweko, mu Meyi 2024, Spitfire ya gululi inagwa m'munda pafupi ndi bwalo ndipo woyendetsa wake, Mark Long, anamwalira. Nayo PA474 injini yake imodzi inagwirapo moto mu 2015, koma inatera bwino. Ena amati ndege yosowa chonchi ingoikidwa m'nyumba yosungira zakale, chifukwa ikagwa palibe ina.

Mantha awowo ndimawamvetsa, koma ine ndili kumbali ya omwe akufuna iziuluka, bola isamalidwe momwe akuchitiramu. Maola ake ouluka pa chaka amawerengedwa mosamala, siuluka kunja kukaipa, ndipo nyengo yozizira yonse amakanika amakhala akuimasula n'kuyang'ana chitsulo chilichonse. Ku London, m'nyumba yosungira zakale ya ku Hendon, kuli Lancaster ina yomwe inapitadi ku nkhondo maulendo oposa 100. Ndi yokongola, koma yangoti duu, ndipo mwana amaidutsa akudya switi. Yamoyoyi ikadutsa pamutu pako ndi mkokomo wa mainjini anayi a Merlin, thupi limachita tsemwe, ndipo umayamba kuganiza kuti nanga zikanakhala mazanamazana, usiku, iwe uli pansi ndi ana. Phokoso lomwe linkasangalatsa mayi wa ku Lincolnshire mbandakucha ndi lomwe linkathamangitsa mayi wa ku Hamburg pakati pa usiku. Ndimangolakalaka olengeza pa zionetsero akamatchula onsewo, osati ngwazi zokha.

Mu Ogasiti 2014 Lancaster ya ku Canada inaoloka nyanja ya Atlantic, ikupumira m'njira, mpaka kudzafika ku Coningsby. Kwa milungu ingapo ziwirizo zinauluka limodzi, anthu n'kumadzaza m'misewu ndi m'minda kuti aone. Zinadutsanso pamwamba pa East Kirkby, mtunda wochepa kuchokera ku Coningsby, komwe kuli Lancaster yachitatu yotchedwa Just Jane. Imeneyi inagulidwa ndi alimi awiri apachibale, Fred ndi Harold Panton, pokumbukira mkulu wawo Christopher, amene anafa pa ulendo wokaponya mabomba ku Nuremberg m'dziko la Germany mu Malichi 1944. Mainjini ake amalira ndipo imayenda pa udzu, koma siinyamuka. Akuikonza pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo, kuti tsiku lina idzauluke.