Mphika wa kunyumba ndi mbale ya kulesitilanti

Munthu wogwira ntchito m'tauni ya Lusaka amene amakhala ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere sangabwerere kwawo masana kukadya, chifukwa ulendo wa minibasi wopita ndi kubwera ungamalize nthawi yonse yopuma. Chakudya chake cha masana chimachokera m'manja mwa anthu ena, kaya amayi ophika nsima ku City Market ndi ku Soweto, kaya malo a matebeto, ogulitsa zakudya za makolo athu, a ku Thornpark, kaya malesitilanti a ku Manda Hill, ku Levy ndi ku East Park kwa amene thumba likuwalola. Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe, odwala matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amandifunsa kawirikawiri ngati ayenera kusiyiratu kudya kunja. Ine ndimayamba ndawafunsa za mchere ndi mafuta amene alowa mu ndiwo zawo, ndiponso za nthawi imene imapita kuchokera pamene mphika waphulidwa kufikira pamene asamba m'manja kuti adye. Zinthu zimenezi zimalakwika m'khitchini ya kunyumba monga mmene zimalakwikira kulesitilanti. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyumba supuni ili m'manja mwanu, pamene kunja mumadalira maso, mphuno ndi kulimba mtima kwanu pofunsa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, muyezo umene sudzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko lonse la Zambia mu 2017 anapeza kuti munthu wamkulu amadya magalamu oposa 9 pa tsiku, komanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mchere ukachuluka m'thupi umakoka madzi n'kuwasunga m'mitsempha, ndipo mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu kuposa mmene uyenera kuchitira. Zimenezi zikapitirira kwa zaka, mitsempha imauma, impso zimatopa, ndipo sitiroko imagwetsa munthu amene sanamvepo kupweteka kulikonse komuchenjeza.

Anthu ambiri akamva ziwerengerozi amakana, amati kwawo sathira mchere wambiri. Koma tayang'anitsitsani mmene nyama ya ng'ombe imaphikidwira m'nyumba zambiri masiku ano. Wophika amathira mchere nyama ikuwira, akakazinga anyezi ndi matimati amanyenyeramo kakyubu ka zokometsera, ndipo akaona kuti msuzi wakhala wamadzi amasungunulira supu ya m'paketi kuti ulimbe. Mbali yaikulu ya kakyubu kaja ndi mchere, supu ija nayonso ili ndi mchere wake, ndipo mbale ikafika patebulo bambo amawaza wina asanalawe n'komwe. Wophikayo sananame ponena kuti anathira mchere kamodzi, koma mu mphika walowamo katatu. Kapenta wouma, amene timagula wochokera ku Siavonga ndi ku Mpulungu, nthawi zambiri amafika ali kale ndi mchere wa poumitsa, choncho ndi bwino kumuviika m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, kutaya madziwo, ndi kulawa musanawonjezere kalikonse. Ndiwo imeneyi ndimailemekeza kwambiri, chifukwa imadyedwa ndi minga yomwe ndipo imapatsa thupi kashiamu wolimbitsa mafupa pa mtengo umene mabanja ambiri angakwanitse. Soda amene timathira mu delele ndi mu chibwabwa kuti zifewe msanga alinso ndi sodiamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza magazi mu mchere, ndipo amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B amene ali m'masamba. Kusadzula bwino chibwabwa, kusankha masamba anthete ndi kuwadula mosalala kumachepetsa kufunika kwa soda.

Lilime limazolowera. Banja likachepetsa mchere pang'onopang'ono, pakapita milungu ingapo ndiwo zimayamba kukoma pa muyezo watsopanowo, ndipo zakale zija zimamveka zowawa mchere. Matimati okupsa bwino, anyezi wokazingidwa mpaka kufiira, adyo, tsabola ndi madzi a mandimu zimadzaza malo amene mchere wasiya. Chimene sindivomereza ndi chizolowezi chophikira wodwala kamphika kakekake kopanda mchere pamene ena onse akudya za mchere wochuluka pamaso pake. Wodwalayo sapirira nthawi yaitali, ndipo ana a m'nyumbamo, amene ali ndi magazi a makolo omwewo, amakula atazolowera mchere umene unadwalitsa atate awo. Mphika ukhale umodzi, wa banja lonse. Mchere wochepa umene mukuthirawo ukhale wokhala ndi ayodini, umene umateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula.

Nkhani ya mafuta ndi yovutirapo kuifotokoza, chifukwa kwa ambiri a ife saladi woyandama pamwamba pa ndiwo ndi chizindikiro chakuti pakhomo zinthu zili bwino ndipo mlendo walandiridwa mwaulemu. Thupi limafunadi mafuta, ndipo vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'magazi popanda iwo. Koma supuni imodzi yaikulu ya saladi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 120, pamene munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku lonse, ndipo amene amathira molunjika kuchokera m'botolo sadziwa kuti masupuni angati alowa mu lepu wa anthu anayi. Kuyeza ndi supuni kumateteza thupi ndiponso kumatalikitsa moyo wa botolo. Makolo athu kum'mawa ankatendera bondwe, kalembula ndi chibwabwa ndi nsinjiro, ndipo ndiwo zotendera zimapereka mafuta pamodzi ndi zomanga thupi, zimene saladi alibe.

Polimbikitsa nsinjiro ndiyenera kuchenjezanso za chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino zimamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto wa pophika. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoniyu anapezeka mu ufa wina wa chimanga, agalu mazana angapo atafa chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi chimanga choipitsidwa. Mtedza wophwanyika, wofota, wakuda kapena wowawa ndi umene umakhala ndi poizoni wambiri, choncho ndi bwino kugula mtedza wathunthu, kuusankha pa lichero ndi kusinja nokha, kusiyana ndi kugula nsinjiro zosinjasinja zimene simunaone mtedza wake.

Kulesitilanti vuto la mafuta limakhala la mtundu wina. Mafuta okazingira tchipisi ndi nkhuku akatenthedwa mobwerezabwereza kwa masiku amasweka n'kupanga zinthu zimene zimavulaza mitsempha ya magazi, ndipo amalowerera kwambiri m'chakudya. Mafuta otopa amaoneka: amada, amachita thovu, amafuka utsi msanga ndipo amamata m'mbali mwa chiwaya. Tchipisi zokazingidwa m'mafuta otere zimatuluka zoderako koma zolobodoka, ndipo zimasiya kakomedwe kokeretsa kukhosi. Kumene chiwaya chili poyera mungayang'ane nokha musanagule. Kunyumba nakonso mafuta otsala pokazinga vitumbuwa asasungidwe mpaka kuda. Asefedwe, agwiritsidwe ntchito kamodzi kapena kawiri, kenaka atayidwe.

Mchere ndi mafuta zimavulaza pang'onopang'ono, koma chakudya chokhalitsa chingagoneke munthu m'chipatala usiku womwewo. Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera imene inayamba mu Okutobala 2017, pamene malonda a m'misewu analetsedwa ndipo asilikali anatumizidwa kukayeretsa m'tauni, kapena imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes linasandukanso chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Kachilombo ka kolera kamafa ndi moto, ndipo nsima yongophulidwa kumene, yofuka nthunzi, ndi chimodzi mwa zakudya zotetezeka kwambiri zimene munthu angagule pamsika. Choopsa chimabwera chakudya chitapsa kale, kudzera m'manja, m'madzi otsukira mbale, mwa ntchentche, ndi m'zakudya zosaphika monga kabichi ndi matimati zodulidwa zosakaniza.

Tizilombo timachulukana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo n'chifukwa chake malangizo a WHO amati chakudya chophikidwa chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. M'mwezi wa Okutobala, pamene Lusaka amatentha kwambiri, ngakhale maola awiriwo ndi ambiri. Pamalo pamene ndiwo zimayalidwa m'mapoto kuti wogula aloze yekha, onani ngati mapotowo ali pa mbaula kapena pa madzi otentha, ngati ndi ovundikira, ndiponso ngati dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo logwira chakudya. Malo amene ali ndi anthu ambiri pa 13 koloko amamaliza mapoto awo msanga n'kuphika ena, pamene nkhuku ya pamalo opanda ogula ingakhale itadikira kuyambira m'mawa. Kufunsa kuti, “Amayi, ndiwozi mwaphika nthawi yanji?” si mwano, ndipo wophika wosamala amayankha mosavuta, mwinanso amakutenthetserani. Lamulo la chitetezo cha zakudya la Food Safety Act la 2019 lilipo, ndipo ogwira zakudya amayenera kukhala ndi ziphaso za kuchipatala, koma oyendera za umoyo a khonsolo sangaime pa poto aliyense tsiku lililonse. Matailosi owala ndi nyimbo za pansipansi sizikuuzani kanthu za kutentha kwa mpunga umene uli m'khitchini.

Pali mwambo umodzi wa kunyumba umene ndimapempha mabanja kuti ausinthe, ngakhale ndikudziwa ulemu umene uli m'menemo. Beseni limodzi la madzi osamba m'manja likayamba kwa akuluakulu n'kutsirizira kwa ana, mwana wamng'ono, amene thupi lake ndi lofooka kuposa onse, amasamba m'madzi amene atsuka manja a banja lonse. Ulemu womwewo ungasungidwe mwa kuthirira madzi kuchokera m'jagi, kuyambira kwa agogo, sopo ali pambali ndipo beseni likungolandira madzi akuda. Malesitilanti ambiri a nsima anayamba kale kuika ndowa za mpopi pakhomo, ndipo pa mfundo imeneyi nyumba zina zatsalira m'mbuyo.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinatsitsa madzi a ku Kariba amene amapangira magetsi, ndipo mabanja ambiri ankalandira magetsi kwa maola ochepa okha pa tsiku. Kuyambira pamenepo firiji yasiya kukhala chinthu chodalirika mwachimbulimbuli. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi magetsi atazima, ndipo nyama imene yasungunuka n'kufunda siyenera kuumitsidwanso ngati kuti palibe chachitika. Mpunga ndi wofunika kuusamala mwapadera, chifukwa muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake zimapirira kuwira, ndipo mpunga ukagona pamtunda kamatulutsa poizoni wosanzitsa amene kutenthetsa sikumuchotsa. Ndiwo zotsala zitenthetsedwe mpaka ziwire ponseponse, kamodzi kokha. Malasha akwera mtengo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mayi amaphikiratu nyemba za masiku awiri, koma poto ameneyo agawidwe m'timbale tating'ono tozizira msanga m'malo momufunditsa yense m'mawa ndi madzulo.

Pa kasankhidwe ka chakudya, maganizo anga ndi akuti mbale ya amayi a pamsika, yokhala ndi nsima, nyemba kapena nsomba, ndi masamba a mitundu iwiri, imaposa kutali bokosi la nkhuku yokazinga ndi tchipisi limene mtengo wake ndi wokwera. WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo bokosi lija silipereka chilichonse pa muyezowu. Pamalo a matebeto mungapeze impwa, bondwe, delele ndi zotendera tsiku limodzi, mitundu imene nyumba zambiri sizingaphike nthawi imodzi. Pemphani masamba ochuluka ndi nsima yocheperako, ya ufa wa roller ngati ilipo, chifukwa ufa umenewu umasunga gaga ndi mtima wa chimanga zimene zimachotsedwa mu ufa wa breakfast. Botolo la chakumwa cha gasi la 500 ml lingakhale ndi shuga wokwana magalamu 50, amene ndi malire a tsiku lonse kwa munthu wamkulu, choncho madzi ndiwo ayenera kutsagana ndi nsima ya masana.

Ena amasankha kunyamula chakudya cha kunyumba m'kontena, ndipo zimenezi zimathandiza pa mchere, pa mafuta ndi pa ndalama. Komabe mpunga ndi nkhuku zophikidwa m'bandakucha n'kukhala m'chikwama mpaka masana zadutsa kale malire a maola awiri aja. Ngati kuntchito kuli firiji ndi chotenthetsera, ikani kontena m'firiji mukangofika, ndipo potenthetsa dikirani mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni pa chakudya. Ngati zimenezi kulibe, nyamulani zosawonongeka msanga monga mtedza wokazinga, nthochi, malalanje, buledi ndi mapeyala osadula, ndipo tsiku limene mukufuna chakudya chotentha pitani mukagule nsima imene ikuomoledwa inu mukuona.