Lupanga la Mimba Yonga Tsamba

Aliyense amene anatemapo nsungwi ndi chikwanje amadziwa kuti mphamvu yake ili chakunsonga, pamene chitsulo chatambasuka. Ukatemera pafupi ndi chogwirira, dzanja limangonjenjemera, nsungwi osaduka. Osula a ku Ulaya anaidziwa nzeru imeneyi zaka zoposa 3,000 zapitazo, chitsulo chisanafale, akadali kugwiritsa ntchito mkuwa.

Malupanga awo oyambirira anali aatali ndi owonda, oyenera kubaya basi. Chogwirira ankachikhomera kumapeto kwa lupanga ndi timisomali. Ambiri amene afukulidwa ali ndi mabowo a timisomalito atang'ambika, umboni woti nkhondo ikafika povuta munthu ankatema, ngakhale chida chake sichinapangidwire kutema. Tangoganizani kutsala ndi chogwirira chokha m'manja mdani ali pamaso panu.

Yankho la osula linali kuumba lupanga ndi tsinde la chogwirira ngati chinthu chimodzi, kenako n'kulipatsa mimba. Pafupi ndi dzanja n'lopyapyala m'chiuno, likamapita kutsogolo limatambasuka, kenako limasongoka kunsonga, ngati tsamba la mango. Kulemera kukasunthira kutsogolo chonchi, nkhonya ya lupanga imagwera pamimba pamenepo, ndipo kupindika kwa m'mphepete kumachititsa kuti lizicheka likamadutsa m'malo mongomenya. Nsonga nayo imakhalabe yobaya bwino.

Ku Britain mtundu wotchuka kwambiri ndi wa Ewart Park, dzina la malo a ku Northumberland kumene malupanga atatu anapezeka mu 1814. Malupanga a mtunduwu anafala cha m'ma 900 ndi 800 B.C. Popanga mkuwa wake, osula ankasungunula kopa n'kusakaniza ndi tini, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10, n'kuthira m'chikombole chadongo. Likazizira, wosula ankasasantha m'mphepete mwake ndi nyundo pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ine ndimagoma napo: mkuwa suuma ndi moto ndi madzi ngati chitsulo, umauma ndi kusulidwa. Ukausula pang'ono umabuntha msanga, ukapitirira muyezo umathetheka. Munthuyo ankadalira khutu ndi dzanja lake basi.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ofukula zakale ankatsutsana ngati malupanga amenewa analidi a nkhondo. Ena ankati mkuwa ndi wofewa, zogwirira n'zazifupi, ndipo ambiri anapezeka m'mitsinje monga Thames, kumene akuoneka kuti anaponyedwa dala ngati nsembe. Motero ankati zinali zodzionetsera za mafumu.

Ofufuza a ku Newcastle University anaganiza zoyesa m'malo mongokangana. Anatenga malupanga atsopano opangidwa ndi Neil Burridge, wosula mkuwa wa ku Cornwall, n'kuwamenyanitsa ndi malupanga anzawo, mikondo ndi zishango. Kenako anayerekeza zipsera zake ndi za malupanga akale 110 a ku Britain ndi ku Italy. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti kubenthuka ndi kukandika kwa malupanga akale kukufanana ndi kwa omenyanitsidwawo. Zipserazo zinkapezeka zitaunjikana pamalo amodzimodzi, kusonyeza kuti eni ake anali anthu ophunzitsidwa, odziwa kugwira lupanga la mdani ndi lawo n'kulikankhira pambali. Kwa ine nkhaniyi inathera pamenepo. Chinthu chimene chinanoledwa mobwerezabwereza mpaka kudyeka sichinali chokongoletsera.

Chitsulo chitabwera, tsambali silinathe. Asilikali a ku Greece ankanyamula xiphos, lupanga lalifupi la mbali ziwiri zakuthwa, lothandiza mkondo ukathyoka. Pambuyo pake ku Ulaya malupanga aatali owongoka anatenga malo, chifukwa chitsulo chabwino chimalola lupanga kutalika popanda kulinenepetsa.

Ku Africa kuno maonekedwewa akadalipo. Amasai a ku Kenya ndi Tanzania amamangirira m'chiuno seme, lupanga lopyapyala kuchogwirira ndi lotambasuka kunsonga, losungidwa m'chimake chachikopa chofiira. Amadulira nyama, amatemera zitsamba zaminga zomangira khola, ndipo ena masiku ano amalisula kuchokera ku chikwanje chogula m'sitolo.