Malamulo a basketball ya m'makoleji ku America amene oulutsa masewero amasokoneza

Masewero a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, akafika pachimake mu Malichi, oyimbira amatukwanidwa koopsa, ndipo nthawi zambiri amene wayatsa motowo ndi woulutsa pa kanema amene wanena lamulo lomwe kulibe. Ambiri mwa oulutsawa ndi osewera kapena makochi akale. Mpira amaudziwa, koma buku la malamulo salitsegula.

Kodi "over the back" ndi faulo?

Ayi. Wosewera wamtali akadumpha n'kutenga mpira pamwamba pa mnzake amene ali kutsogolo kwake, palibe cholakwa bola asamukankhe kapena kumusuntha pamalo pake. Chimodzimodzi "reaching in". Kutambasula dzanja kuti ulande mpira n'kololedwa. Wezulo imalira ukamenya mkono wa mnzako.

Bwanji woyimbira wapereka charge (faulo ya wosewera wokhala ndi mpira akagunda wotchinga) pomwe wotchinga amayenda?

Apa ndiye pamene owonera anamizidwa kwa zaka zambiri. Mumva woulutsa akukuwa kuti mapazi a wotchinga sanakhazikike. Lamulo limafuna kuti wotchinga ayambe wafika pamalopo, mapazi onse awiri ali pansi, chifuwa chikuyang'ana wobwera ndi mpira. Akatero ali ndi ufulu woyenda cham'mbali kapena chobwerera m'mbuyo, ndipo akagundidwa pachifuwa wolakwa ndi wa mpirayo. Chimene sangachite ndi kupita kutsogolo kukamugunda. Pali zinthu ziwiri zoyang'ananso pa mpira wa amuna. Wotchinga wobwera kudzathandiza mnzake sangapeze charge ataima mkati mwa kamzere kokhota ka mafiti 4 pansi pa golo. Komanso kuyambira nyengo ya 2023-24, ayenera kukhala atafika kale pamene woponya akuponda phazi lodumphira. Chithunzi chikabwerezedwa pang'onopang'ono, yang'anani phazi limenelo.

Wosewera waponya, mpira sunakhudze chilichonse, wauwakha yekha. Si traveling?

Ku NBA, ligi yaikulu ya akatswiri ku America, ndi traveling, kutanthauza kuyenda ndi mpira mosaloledwa. Ku koleji n'kololedwa, woyimbira akaona kuti anaponyadi pofuna kugoletsa.

Ndiye malamulo a NBA ndi osiyana kwambiri?

Ndi osiyana mokwanira kusokoneza munthu amene amaulutsa zonse ziwiri. Ku koleji wosewera amatuluka pa mafaulo 5, ku NBA 6. Timu imakhala ndi masekondi 30 oti iponye, pomwe ku NBA ndi 24. Ku koleji amuna amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20. Akazi anasintha mu 2015 kupita ku zigawo zinayi za mphindi 10. Kwa amuna, faulo ya 7 ya timu m'chigawo imapereka kwa wolakwiridwa mwayi woponya kamodzi popanda wotchinga, ukagoletsa uponyenso, ndipo kuyambira ya 10 umaponya kawiri. Osewera awiri akagwirizira mpira limodzi sadumphirana monga ku NBA: chizindikiro cha muvi chimene chili pa tebulo la olemba zigoli ndi chimene chimanena timu yolandira mpira.

Kodi oyimbira salakwitsa?

Amalakwitsa, ndipo n'chifukwa chake timafuna oulutsa odziwa lamulo. Pa Final Four (ndime ya matimu anayi otsiriza) ya 2019 ku Minneapolis, Virginia inagonjetsa Auburn 63-62 Kyle Guy wa Virginia atachitiridwa faulo poponya kutatsala masekondi 0.6. Mkokomo wonse unali pa faulo imeneyo, yomwe inali yoona, chifukwa wotchinga anamugunda asanatere pansi. Cholakwika chenicheni chinachitika kanthawi kochepa izi zisanachitike: Ty Jerome wa Virginia anagunditsa mpira kuphazi kwake, anaugwira ndi manja awiri, n'kuyambanso kuunjanjitsa. Imeneyo ndi double dribble ndipo wezulo siinalire. Amene anazifotokoza pa kanema wa CBS masewero atatha ndi Gene Steratore, yemwe anakhalapo woyimbira.

Bwanji osangobwereza chithunzi pa chilichonse?

Oyimbira amaloledwa kupita pa kanema pa zinthu zina zokha, monga nthawi, ngati woponya anaponda mzere wa mapointi 3, kapena faulo yankhanza. Double dribble ya Jerome siinali m'gulu limenelo, choncho ngakhale akanaikayikira pambuyo pake, analibe njira yoibwezera.